Akana kukonza injini pa waranti ati sevisi tinachitira kwina, nditani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Leeds, ndalifupikitsa pang'ono: "Ndimagwira ntchito ya care yoyendera okalamba m'makomo mwawo. Ndinagula galimoto ya dizilo, SUV ya kampani ina yotchuka ya magalimoto odula, kwa dila wawo weniweni. Inali ndi zaka ziwiri, waranti ya ku fakitale isanathe, ndipo ndinatenga pa PCP, ngongole ya galimoto yolipira mwezi ndi mwezi. Patatha miyezi inayi inayamba kuyatsa laiti ya injini komanso kumalira chitsulo m'mawa ndikangoiliza. Ndinapita nayo, anangozimitsa laitiyo n'kundiuza kuti palibe vuto. Mwezi wachisanu ndi chiwiri injini inafera pa msewu. Pano akuti sakonza pa waranti chifukwa sevisi yomaliza tinakachitira ku garaja ya mnzawo wa bambo akunyumba, inachedwanso ndi mamailosi pafupifupi 1,200, komanso sevisiyo siikuoneka mu kompyuta mwawo. Akuti injini ina ndi £13,000. Galimoto ili kwa iwo, ine ndikulipirabe mwezi ndi mwezi. Ndithandizeni."

Achemwali, pepani kwambiri. Kulipira galimoto yomwe yangokhala pa yadi ya eni ake inu mukudzuka m'mamawa kusaka basi yopita kwa kilayanti woyamba ndi chinthu chopweteka mtima, ndipo ndikudziwa kuti £13,000 imeneyo ikukusowetsani tulo. Koma ndiyambe ndi kukuuzani kuti nkhani yanu sinathe ayi, ndipo mmene mwaifotokozeramu muli ndi poimira pabwino kuposa mmene mukuganizira. Ine ndakhalapo pa desiki ya waranti kwa dila zaka zingapo, ndimadziwa mmene "ayi" ameneyu amabadwira.

Zimayenda chonchi. Dila si amene amalipira ntchito ya waranti, iye amakonza kenako n'kukatenga ndalama kwa kampani yopanga galimotoyo. Ndiye kampani ija imabwera nthawi ndi nthawi kudzafufuza mafaelo, ikapeza kuti dila anakonza injini pomwe mbiri ya sevisi inali ndi kabowo, imalanda ndalama zija dila n'kutsala ndi ngongole. Chifukwa cha mantha amenewa, munthu wa pa kauntala akangotsegula kompyuta n'kuona kuti sevisi imodzi palibe, nthawi zambiri amangoti waranti yafa, pomwe kleimu sanaitumize n'komwe ku likulu. Ndaonapo izi ndi maso anga kambirimbiri. Ndiye funso loyamba lofunika kuwafunsa, pa imelo osati pa foni, ndi lakuti kodi kleimu inatumizidwa kwa kampani yopanga galimoto, nambala yake ndi chani, anakana ndani ndipo tsiku liti. Muwapemphenso kuti alembe ndime yeniyeni ya mu buku la waranti yomwe akuimirapo, komanso chomwe amakaniko awo apeza kuti chapha injini. Mawu apakamwa a pa kauntala simungapite nawo kulikonse. Ife Amalawi tinaleredwa mwaulemu, munthu wovala tayi akatiuza kuti sizitheka timangoti zikomo n'kutuluka, ulemuwo musausiye koma muwonjezerepo pepala. Mukalankhula nawo pa foni, tsiku lomwelo tumizani imelo yonena kuti lero nthawi yakuti ndinalankhula ndi uje ndipo anandiuza zakutizakuti, ngati ndalakwitsa mundikonze.

China chofulumira, lero lomwe ngati n'kotheka, alembereni kuti asataye oyilo wa mu injinimo, asataye fyuluta, asataye chitsulo chilichonse chomwe achotsa, ndipo asamasule injini popanda chilolezo chanu cholembedwa. Umboni wanu wonse uli m'kati mwa injini imeneyo. Oyilo akangothiridwa mu dilamu la oyilo wakutha ndiye kuti mboni yanu yaikulu yapita. Muwafunsenso ngati akukuwerengerani ndalama ya malo pomwe galimoto yaima, madila ena amayamba kuwerenga mwakachetechete, muwauze kuti galimoto ili pa mkangano ndipo simukuvomereza kulipira zimenezo. Ndipo bambo akunyumba asatengeke ndi maganizo oti tiikoke tipite nayo kwa mnzathu akaione. Ikangomasulidwa ndi munthu wina panopa, a kampani apeza chonamizira chenicheni.

Tsopano nkhani ya garaja ya mnzanuyo. Anthu ambiri amakhulupirira kuti ukangopita ndi galimoto ku garaja wamba waranti imafa pompo. Ku UK sizili choncho. Pali lamulo la mpikisano wa malonda lotchedwa Motor Vehicle Block Exemption Order la 2023, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la EU la 2010, ndipo mfundo yake ndi yakuti kampani yopanga galimoto isakukakamizeni kuchitira sevisi kwa madila ake okha kuti waranti ya ku fakitale ikhalebe yamoyo. Chomwe akufuna n'chakuti sevisiyo ichitike motsatira ndondomeko ya kampani, pa nthawi yake, ndi oyilo woyenera komanso zipangizo zofanana mphamvu ndi zawo. Ndiye mawu oti "munapita kwina" paokha si chifukwa. Kusaoneka mu kompyuta mwawo nakonso paokha si umboni woti sevisi sinachitike, kumangotanthauza kuti garaja ija sinalowetse, ndipo magaraja wamba ambiri amatha kulembetsa kuti azilowetsa sevisi mu mbiri ya pa intaneti ya makampani amenewa.

Koma apa ndiye pofunika ntchito yanu. Pitani ku garajako mukatenge invoisi yeniyeni, osati kapepala kolemba pamanja koti "service £180 paid". Invoisiyo ionetse tsiku, nambala ya galimoto, mamailosi a tsiku limenelo, dzina ndi mtundu wa oyilo amene anathira mpaka nambala yosonyeza kuti kampani yanu imamuvomereza, malita angati, nambala ya fyuluta, ndi nambala ya VAT ngati garajayo ili nayo. Injini za dizilo zokhala ndi DPF, sefa ya mwaye ya ku ekizozi, zimafuna oyilo wa phulusa lochepa, amene pa chigubu pamalembedwa ACEA C ndi nambala, ndiye ngati anathira oyilo wamba wotchipa ndikuuzeni zoona, nkhani ilimba. Mumupemphe mwini garajayo akupatseninso risiti ya komwe anagula oyilo ndi fyulutayo, mashopu a zipangizo ngati Euro Car Parts kapena GSF amasunga mbiri pa akaunti ya garaja iliyonse, tsiku ndi nambala ya chipangizo zimaoneka bwinobwino. Onjezanipo sitetimenti ya ku banki yoonetsa kuti munalipira tsiku limenelo, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp opangana tsiku lobweretsa galimoto amathandiza. Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse, musalole munthu aliyense kusintha tsiku kapena kuchepetsa mamailosi pa invoisi kuti kuchedwa kuja kubisike. Kompyuta ya galimotoyo imasunga mamailosi amene laiti ya sevisi inazimitsidwira, akafananiza n'kupeza kuti pepala lanu likunama, nkhani yabwinobwino imasanduka yachinyengo ndipo palibenso amene adzakumvereni.

Kuchedwa kwa mamailosi 1,200 ndiye bala lanu lenileni, tisabisane. Tsegulani buku la waranti muone ngati analemba malire a kuchedwa kololedwa, makampani ena amalola pang'ono ena salemba chilichonse. Koma ngakhale mutapezeka kuti munadutsa malirewo, mfundo yoti muimirepo ndi iyi, kodi kuchedwako ndi kumene kwapha injini? Mawaranti ambiri amakana kulipira kuwonongeka kobwera chifukwa chosasamala galimoto, sanena kuti ukachedwa kamodzi ndiye galimoto yonse yatuluka mu waranti. Ndiye afotokoze mwaukatswiri mmene mamailosi 1,200 amenewo anaphera injini, kaya ndi kudula tcheni cha m'kati mwake kapena kudya mabering'i. Komanso onani madeti bwino, ngati phokoso lija linayamba nthawi ya sevisi isanakwane, ndiye kuti vuto linalipo kale kuchedwa kusanachitike, ndipo chifukwa chawo chagwa chokha.

Apa mpamene ripoti la injiniya woima payekha limagwira ntchito. Ku UK kuli makampani ochita zimenezi monga DEKRA, komanso mutha kusaka injiniya yemwe ndi membala wa Institute of Automotive Engineer Assessors. Mulipira mapaundi mahandiredi angapo koma poyerekeza ndi £13,000 ndi ndalama yoyenera kutulutsa, ndipo mukapambana mutha kuipempha kuti ibwezedwe. Mumuuze injiniyayo mafunso oti ayankhe, chaphwanyika ndi chani, chinayambitsa ndi chani, kodi vutoli liyenera kuti linalipo kapena linali litayamba pa tsiku lomwe munagula, ndipo kodi kuchedwa kwa sevisi kukanatha kubweretsa zimenezi. Atengenso oyilo pang'ono apite naye ku labu. Oyilo amaulula zambiri achemwali, amaonetsa ngati munalowa dizilo wochuluka, ngati muli tizidutswa ta zitsulo ndi ta mtundu wanji, ngati analidi watsopano kapena wakalekale. Muwadziwitse a dila ndi a kampani ya ngongole tsiku lomwe injiniyayo abwere kuti nawonso akhalepo ngati akufuna, asadzanene kuti munachita mseri.

Ndikuchenjezeni za chifukwa china chomwe angatulutse chija cha sevisi chikagwa, chifukwa ntchito yanu ndaiona. Mukuyenda mamailosi awiri kupita kwa agogo awa, kuzimitsa injini, theka la ola kenako mamailosi atatu kupita kwa ena, tsiku lonse choncho. Galimoto ya dizilo ya masiku ano ili ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, DPF ija, ndipo ikadzadza injini imathira dizilo woonjezera kuti itenthe mwayewo. Kutenthako kumafuna ulendo wautaliko injini itatentha bwino. Mukazimitsa pakati, dizilo wina amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kukasakanikirana ndi oyilo pansi, oyilo uja amachuluka koma n'kusungunuka, mphamvu yoteteza tcheni ndi mabering'i n'kuchepa. Ndiye atha kudzanena kuti ndi kayendetsedwe kanu. Yankho lanu likhale lakuti kuyenda maulendo afupiafupi mu tauni si kuzunza galimoto, ndipo ngati buku la galimoto kapena laiti ya pa dashibodi sinakuchenjezeni kuti musinthe oyilo msanga, inu mukanadziwa bwanji. Komanso kumbukirani bwino tsiku logula lija, kodi munamuuza wogulitsayo ntchito yomwe mumagwira? Ngati munamuuza kuti ndimayendera makilayanti m'makomo tsiku lonse iye n'kukugulitsanibe dizilo osakuchenjezani, imeneyo ndi mfundo ina payokha, chifukwa lamulo limati katundu ayenere ntchito yomwe wogula ananena kuti akufuna kumugwiritsira. Sakani imelo kapena meseji iliyonse ya nthawi imeneyo, ngakhale fomu ya ngongole pomwe munalemba ntchito yanu. Ndipo ngati galimotoyi inayendapo Uber kapena kunyamula maphukusi olipidwa, onani bwino buku la waranti chifukwa ena amachotsa zimenezo, chimodzimodzi ngati munthu anaseweretsapo kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu, zimenezonso zimaoneka akalumikiza makina awo.

Tsopano ndifike pomwe ndikuona kuti pali mphamvu yanu yeniyeni, pomwe anthu ambiri saganizirako chifukwa maso onse amakhala pa waranti. Waranti ndi lonjezo lomwe kampani inapanga mwa kufuna kwake, malamulo ake inalemba yokha. Koma pambali pa waranti pali lamulo la dziko, Consumer Rights Act 2015, ndipo limeneli palibe kampani ingalifufute ndi buku lake. Limati katundu amene mwagula kwa wamalonda akhale wa satisfactory quality, kutanthauza kuti akhale mmene munthu woganiza bwino angayembekezere poona mtengo, zaka ndi mamailosi, ndipo kulimba kwa katunduyo kuli m'gulu la zoyembekezerazo. Galimoto yodula chonchi, ya zaka ziwiri, yogula kwa dila wa kampani yomweyo, munthu sayembekezera kuti injini ingafe isanathe naye chaka. Ndipo poti munatenga pa PCP, pa lamulo amene anakupatsani galimotoyo ndi kampani ya ngongole, iwo ndi amene anaigula kwa dila n'kukubwereketsani inu, eni ake panopa ndi iwowo. Ndiye dandaulo lanu la pansi pa lamuloli lipite kwa iwo. Dzina lawo lili pamwamba pa pepala la mgwirizano lomwe munasaina, nthawi zambiri limafanana ndi la kampani ya galimoto koma ndi kampani ina payokha, yoyang'aniridwa ndi Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma.

Lamuloli lili ndi nthawi zake. Masiku 30 oyamba munthu atha kungobweza galimoto yavuto n'kulandira ndalama zake, amenewo anadutsa. Koma pali miyezi isanu ndi umodzi, vuto likaonekera m'kati mwa miyezi imeneyi lamulo limatenga kuti linalipo kale pa tsiku lomwe munalandira galimoto, pokhapokha wogulitsayo atabweretsa umboni woti sizinali choncho. Ikadutsa miyeziyi katundu wa umboni amabwerera pa mutu panu. Iwo adzakuuzani kuti injini inafa mwezi wachisanu ndi chiwiri ndiye mwachedwa. Inu mudzawakumbutse ulendo uja wa mwezi wachinayi. Munapita nokha, munadandaula za laiti ndi phokoso, iwo anazimitsa laiti n'kukubwezani. Ulendo umenewo ndi golide achemwali. Ngati injiniya atalemba kuti phokoso la m'mawa lija ndi chiyambi cha vuto lomwe lapha injini, ndiye kuti vuto linaonekera m'kati mwa miyezi isanu ndi umodzi, komanso dila wawo yemwe anali ndi mpata wolipeza injini isanafe ndipo sanalipeze.

Ndiye pepala la ulendo umenewo lipezeke. Galimoto iliyonse ikalowa mu wekishopu amatsegula job card, pamakhala tsiku, mamailosi, mawu anu odandaula, ndi zomwe makaniko anachita. Makina awo akalumikizidwa pa galimoto amasunganso ma fault code, manambala osonyeza vuto, omwe anawerenga asanawafufute, nthawi zambiri ndi mamailosi omwe vutolo linachitikira. Apempheni zonsezi mwaulemu pa imelo. Akayamba kuzengereza, lembani kuti mukupanga subject access request pansi pa UK GDPR, lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu zomwe makampani amasunga, mukufuna zonse zomwe akusunga zokhudza inu kuphatikizapo ma job card, manotsi a pa akaunti yanu, maimelo otchula dzina lanu ndi mafoni ojambulidwa. Ndi zaulere ndipo lamulo limawapatsa mwezi umodzi kuti ayankhe. Tumizani pempho lomwelo kwa dila, kwa ofesi ya makasitomala ya kampani yopanga galimoto, ndi kwa a ngongole. Manotsi a m'kati amenewa nthawi zina amaonetsa zinthu zomwe pa kauntala sangakuuzeni, mwachitsanzo kuti makaniko analemba kuti phokoso analimva.

Mu kalata yopita kwa a ngongole musalembe zambiri za mmene zakupwetekerani, tsamba limodzi kapena awiri basi. Nambala ya mgwirizano, tsiku logula ndi mamailosi, tsiku la ulendo wa mwezi wachinayi, tsiku lomwe injini inafa, kenako munene kuti ili ndi dandaulo, galimoto si ya satisfactory quality pansi pa Consumer Rights Act 2015, ndipo mukufuna chakuti. Sankhani chomwe mukufuna musanalembe. Lamulo limapatsa wogulitsa mwayi umodzi wokonza kapena kusintha katundu, mwaulere komanso mosachedwetsa, zikakanika muli ndi ufulu wochepetsa mtengo kapena kubweza galimoto. Mutha kunena kuti mwayi umodzi uja anaugwiritsa kale ntchito tsiku lomwe anazimitsa laiti, iwo adzatsutsa, koma ndi mfundo yoyenera kuiika. Dziwaninso kuti pobweza galimoto amaloledwa kudulapo ndalama ya nthawi yomwe munaiyendetsa. Kwa ine, galimoto yomwe yafa injini chonchi ndipo ntchito yanu ndi ya maulendo afupiafupi, ndikanalimbikira zoibweza n'kupeza ya petulo kapena hybrid, chifukwa injini yatsopano ya dizilo idzakumana ndi moyo womwewo. Koma mwini nkhani ndinu. Muikemonso kuti mukufuna akubwezereni ndalama za miyezi yomwe mwalipira galimoto ili chiimire, ndi zomwe mwawononga pa kukoketsa, pa mabasi, matakisi kapena galimoto ya hayala. Malisiti onse sungani mu envelopu imodzi.

A ngongole ali ndi masabata asanu ndi atatu kuti akupatseni yankho lomaliza, amalitchula final response. Akakana, kapena masabatawo akatha ali chete, mupite ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a anthu pa makampani a zachuma. Ndi zaulere, simufunika loya, ndipo muli ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa tsiku la kalata yomalizayo, musaiphonye. Iwo amaona mapepala a mbali zonse, ndipo chigamulo chomaliza cha ombudsman mukachivomereza kampani imakakamizidwa kuchitsatira, mukachikana khomo la khothi limakhalabe lotseguka. Madandaulo a magalimoto a pa ngongole ndi nkhani zomwe amaziona tsiku ndi tsiku, ndipo zigamulo zawo zakale amaziika poyera pa intaneti, mutha kusaka za injini zofanana ndi yanu muone mmene amaganizira. Kumbali ya waranti yeniyeniyo kuli The Motor Ombudsman, yomwe imamva madandaulo okhudza makampani ndi madila omwe analembetsa ku malamulo ake, New Car Code ndi yomwe imakhudza waranti ya ku fakitale. Nawonso amafuna kuti mudandaule kaye kwa kampaniyo n'kuipatsa masabata asanu ndi atatu. Onani kaye ngati kampani yanu ili pa mndandanda wawo. Madandaulo awiriwa, la kwa a ngongole ndi la kwa kampani ya galimoto, ayambitseni limodzi panopa kuti masabata aja ayambe kuwerengedwa, koma pofika kwa ma ombudsman muwauze zoona kuti kwinako kulinso nkhani, ndipo ine ndingatsogoze wa zachumayo. Konzekani mtima, zimatenga miyezi.

Pakati pa zonsezi musasiye kulipira PCP. Ndikudziwa kuti zikuwawa, koma mukangodumpha mwezi amakulembani pa mbiri yanu ya ngongole, ndipo chipsera chimenecho chimakhala zaka zisanu ndi chimodzi, chidzakuvutitsani pofuna mogeji kapena nyumba ya lendi. Ngati ndalama zathina chifukwa mukulipiranso mayendedwe ena, auzeni a ngongolewo molemba kuti mwapanikizika, muwapemphe aimitse kaye malipiro kapena akupatseni galimoto yogwirizira pomwe dandaulo likuunikidwa, ndipo mufunse kuti kuimitsako kudzaoneka bwanji pa mbiri yanu musanavomere.

Mwina pakati panjira adzakuimbirani ndi mawu okoma kuti kampani yaganiza zokuthandizani ndi goodwill, ilipira gawo lakuti inu mulipire lotsalalo. Goodwill si chinthu choipa, nthawi zina ndi njira yachidule yotulukira makamaka ngati ripoti la injiniya labwera losakomera inu kwenikweni. Koma musavomere pa foni. Alembe, muone ngati gawolo ndi la zipangizo zokha kapena ndi ntchito yomwe, ngati injiniyo ndi yatsopano kapena yokonzedwanso, idzakhala ndi waranti yotalika bwanji, ndipo muyang'ane mawu oti full and final settlement, chifukwa mukasaina pamenepo mwatseka makomo ena onse. Mtengo woyamba omwe amatchula kawirikawiri si womaliza, makamaka akaona kuti muli ndi ripoti m'manja komanso a ngongole alowapo. Onaninso pa gov.uk ngati galimoto yanu ili ndi recall, kutanthauza kuti kampani inaitanitsa magalimoto a mtundu umenewo kuti ikakonze vuto, ndipo mufunse dila ngati pali technical bulletin yokhudza injini imeneyi, chifukwa ngati kampani inachenjezapo kale amakaniko ake za vuto lomweli kukana kwawo kumafooka kwambiri.

Za khothi ndinene mwachidule. Ku England ndi Wales njira ya milandu ya ndalama zochepa, small claims, imafika £10,000, ndipo ubwino wake ndi woti ukaluza sulipira maloya a mbali inayo kupatula zochepa. Nkhani yanu yadutsa pamenepo, ndiye ikhoza kupita ku njira ina komwe woluza amasenza ndalama za maloya a mnzake, musalowemo musanalankhule ndi loya. Muli ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokasuma, palibe chothamangira. Yang'anani mapepala a inshuwalansi ya galimoto ndi ya nyumba ngati muli legal expenses cover, gawo lolipirira maloya, anthu ambiri amailipira osadziwa, ngati muli mu union funsaninso kumeneko, ndipo a Citizens Advice amathandiza kwaulere pa kalembedwe ka makalata amenewa.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi nkhani yofanana koma munagula mosiyana, ngati munalipira kashi kapena ndi loni wamba ya ku banki, dandaulo la pansi pa Consumer Rights Act lipite kwa dila amene anakugulitsani. Ngati munalipirako ndi kirediti kadi ngakhale dipoziti yokha, ndipo mtengo wa galimoto unali pakati pa £100 ndi £30,000, Section 75 ya Consumer Credit Act 1974 imakokeramo kampani ya kadiyo. Ngati munagula kwa munthu wamba pa Facebook chitetezo chimachepa kwambiri. Ndipo amene mukuganiza zokweza galimoto yotereyi pa sitima kupita nayo kumudzi, werengani kaye malire a mayiko omwe warantiyo imagwira, musangoganiza kuti ikutsatirani mpaka ku Lilongwe.

Inu achemwali sabata ino chitani zinayi zokha. Imelo yoletsa kutaya oyilo ndi zitsulo ipite lero, bambo akunyumba akatenge invoisi yonse ndi risiti ya oyilo ku garaja kuja, dandaulo lipite kwa a ngongole ndi kwa kampani ya galimoto kuti masabata asanu ndi atatu ayambe kuyenda, ndipo mupemphe job card ya mwezi wachinayi. Ikabwera job card imeneyo muyang'ane tsiku ndi mamailosi ake, muziike pambali pa tsiku lomwe sevisi inayenera kuchitika, kenako mundilemberenso zomwe mwapeza tione limodzi mafunso oti mumupatse injiniya.